Kodi mankhwala othira mu thanki amachepetsadi kamwedwe ka mafuta?

Dalaivala wina wa ku Zomba walemba kuti: "Ndimayendetsa Toyota Sienta yakale, ndimanyamula anthu pakati pa Zomba ndi Limbe. Miyezi yapitayi yayamba kumwa mafuta modetsa nkhawa, ikaima pa siteji imanjenjemera, ndipo nyali ya check engine siikuzima. Mnyamata wa pa shopu ya masipeyala akuti ndizithira mankhwala a m'botolo nthawi zonse ndikamwetsa, akuti mafuta a tsiku limodzi azikwana masiku awiri. Makaniko wanga akuti mankhwalawo ndi bodza, vuto ndi cat (chitini cha pa ekizosi choyeretsa utsi), tingoichotsa. Thermostat anaichotsa kale chaka chatha galimoto itatentha. Mkulu wanga ali ndi Hilux ya dizilo imene ikufuka utsi wakuda, nayenso akufunsa za mankhwala omwewa. Timvere ndani?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Zimene mwafotokozazi si zizindikiro za injini yakutha ayi. Injini ya 1NZ imene ili mu Sienta yanuyo ndi yopirira kwambiri, ndipo pa zaka zimene ndakhala mu galaja, galimoto zambiri zobwera ndi dandaulo ngati lanuli zachira ndi tizinthu tating'onoting'ono. Mnyamata wa pa shopuyo ndi makaniko wanuyo, aliyense wanenako kachilungamo kake, koma mukatsata malangizo awowo momwe alili mutaya ndalama, mwinanso kuwononga zimene zili bwinobwino.

Tiyambe ndi moto umene umayaka mu injinimo. Kuti petulo apse yense, pamafunika makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Zili ngati mbaula: mukadzaza makala nkutseka pakhomo polowera mphepo, mupeza utsi wambiri, koma poto osawira. Mu galimoto za masiku ano, kompyuta ya galimoto ndi imene imayeza mlingo umenewu, ndipo siiona ndi maso. Imangodalira zimene masensa akuiuza. Sensa ina imayeza mpweya wolowa, ina kutentha kwa madzi a injini, ina ili pa ekizosi kununkhiza utsi ngati mafuta apsa bwino. Imodzi mwa izi ikayamba kunama, kompyuta imasankha kuthira mafuta ochulukirapo poteteza injini. Kamwedwe kamene mukudandaula nako nthawi zambiri kamachokera pamenepa, ndipo palibe botolo limene lingakonze sensa yonama.

Pa kalata yanu yonse, chimene chandiimitsa mutu ndi thermostat. Chizolowezi chochotsa thermostat chafala kwambiri m'magalaja mwathu, poganiza kuti kachipangizoka n'kofunika ku mayiko ozizira okha ngati Japan. Si choncho. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake atatentha madigiri pakati pa 80 ndi 90, ndipo thermostat ndiyo imasunga kutentha kumeneku, kutsekera madzi kuti asathamangire ku radiyeta injini isanafunde. Mukaichotsa, m'mawa wa June pa Zomba paja injini imatenga nthawi yaitali kuti ifunde, ndipo potsetsereka imaziziranso. Nthawi yonseyo kompyuta imaganiza kuti mwangoliza kumene, ndiye imapitiriza kuthira mafuta ambiri monga imachitira m'mawa. Mafuta osapsawo ena amatsuka oilo m'makoma a masilinda nkutsikira mu sampu, ena amadetsa mapulagi ndi mwaye, ena amapita kukapsera mu cat. Yang'anani muvi wa kutentha mukayenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ngati galimoto yanu ilibe muvi, onani kanyali kosonyeza kuti injini ikadali yozizira kamatenga nthawi yaitali bwanji kuti kazime. Bwezeretsani thermostat yatsopano, yeniyeni, ndipo makaniko afufuze chimene chinatenthetsa galimotoyo chaka chatha. Kawirikawiri imakhala radiyeta yodzaza dzimbiri chifukwa chothira madzi a pa mpopi m'malo mwa coolant, fani yosazungulira, kapena chivindikiro cha radiyeta chotha. Kuchotsa thermostat kunangobisa matendawo.

Zinazo n'zachidule. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, muiunike padzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina, osangoipopera mphepo. Kuseri kwa bokosilo kuli sensa yoyeza mpweya, yokhala ndi kawaya kowonda ngati tsitsi, kamene fumbi la m'misewu yathu limakakuta. Kamatsukidwa ndi mankhwala ake opopera, osakakhudza ndi chala kapena nsalu. Mapulagi achotsedwe muwaone: ofiirira motuwa ndiye abwino, akuda bii ndi mwaye akusonyeza mafuta ochuluka, onyowa oilo akunena nkhani ina. Mpweya wa m'matayala utsate mlingo wolembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Komanso mukayenda, gwirani pafupi ndi malimu onse anayi. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki ikugwira, ndipo mukulipira mafuta okoka buleki tsiku lonse.

Tsono za cat. Chitini chimenechi chinayamba kuikidwa pa galimoto zambiri ku America mu 1975. Mkati mwake muli chipangizo cha timabowo tambirimbiri, chokutidwa ndi platinum, palladium ndi rhodium, ndipo utsi ukamadutsamo, mpweya wakupha wa carbon monoxide, mafuta osapsa ndi mipweya ina yopweteka mapapo imasandutsidwa yosavulaza kwenikweni. Cat ikhoza kutsekeka ndithu, ndipo ikatsekeka galimoto imalephera zitunda, imabanika mukaponda moto. Pamenepo makaniko wanu sakunama. Koma cat siingofa yokha. Imaphedwa ndi injini imene yakhala ikuitumizira mafuta osapsa kapena oilo. Ndiye kuichotsa osakonza gwero n'kusiya kamwedwe kali pomwepo, nyali ya check engine ili chiyakire, ndipo vuto lina likadzabwera simudzalidziwa chifukwa nyaliyo mudzakhala mutaizolowera. Dziwaninso kuti zitsulo zili mkatimo ndi za mtengo wapatali ndipo ogula alipo, choncho wina akamaumirira kuti cat ichotsedwe asanaiyeze n'komwe, funsani kuti ikachotsedwa ipita kuti. Ine zimandipweteka kuona galimoto zopanda cat zitandandalikana pa depoti, injini zikulira, amayi ogulitsa nthochi ndi mandasi ali pomwepo ndi ana kumbuyo, kupuma utsiwo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Inunso mumakhala pomwepo. Cat iyezedwe kaye ngati yatsekekadi, ndipo ngati yafa, pezani ina ndalama zikalola.

Tibwere ku botolo lija. Choyamba, mafuta amene mumamwetsa pa pampu si petulo wopanda kanthu. Amathiramo kale zinthu zina kuti asawonongeke msanga ndi kuti asachititse dzimbiri, ndipo makampani ena amawonjezamo zotsukira. Kuno kwathu muli chinthu china chachikulu: ethanol. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene anayamba kale kusakaniza ethanol mu petulo, kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumutcheza kuchokera ku molasesi, zotsalira popanga shuga, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inadzawonjezereka mu 2004. Ethanol ali ndi octane wopitirira 100, kutanthauza kuti amathandiza petulo kupirira kupanikizidwa osaphulika nthawi isanakwane, ndipo amathandiza kuchepetsa carbon monoxide. Mbali ina, lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi lita ya petulo, choncho petulo wokhala ndi ethanol 10 pa 100 amachepetsa mtunda ndi pafupifupi 3 pa 100. N'zochepa, ndipo si zimene zasintha galimoto yanu miyezi yapitayi, chifukwa petulo wosakaniza yemweyu ndi amene yakhala ikumwa chibwerereni. Chofunika kusamala n'chakuti ethanol amakoka chinyezi. Galimoto, njinga yamoto kapena jenereta ikakhala miyezi osalira, madzi amatha kusonkhana pansi pa thanki pamodzi ndi ethanol, nkudya zitsulo ndi mapaipi a labala akale.

Mbiri ya zothira mu petulo ili ndi chilonda chimene chimandichititsa kukhala wosamala. Mu 1921, Thomas Midgley wa ku General Motors anapeza kuti mankhwala a mtovu otchedwa tetraethyl lead amaletsa injini kugogoda. Anagwiradi ntchito, ndipo dziko lonse linawagwiritsa ntchito kwa zaka makumimakumi, uku mtovu wotuluka mu ekizosi ukulowa m'magazi a anthu nkuwononga ubongo wa ana. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, ndipo Algeria, dziko lomaliza, inasiya mu 2021. Lero mtovu kulibe, koma mabotolo ena olembedwa octane booster ali ndi manganese kapena chitsulo. Ndachotsapo mapulagi ofiira ngati njerwa yowotcha, mwini wake nkumadabwa kuti dzimbiri lalowa bwanji mu injini, pamene ndi zotsalira za mankhwala amene amathira sabata ndi sabata. Zotsalira zomwezo zimakuta sensa ya pa ekizosi ndi timabowo ta cat. Sienta yanu inapangidwira petulo wamba, ndipo octane wowonjezera sangaipatse mphamvu kapena kuchepetsa kamwedwe kake. Amenewa asiyeni.

Mtundu umene uli ndi phindu lenileni ndi wotsuka mainjekita. Timabowo ta injekita n'tating'ono kwambiri, ndipo tikayamba kumata utoto wa mafuta, m'malo mopopera ngati nkhungu injekita imadontheza, masilinda osalandira mofanana, galimoto nkumanjenjemera ikaima. Mankhwala otsuka abwino amasungunula utoto umenewu pang'onopang'ono. Werengani kuseri kwa botolo: ngati palembedwa PEA kapena polyetheramine, ndiye mtundu umene umadziwika kuti umatsuka mwamphamvu. Botolo losalemba zimene zili mkati, kapena losalemba kampani imene yapanga, musaliyandikire. Thirani mlingo umene walembedwa, pa malita amene atchulidwa, makamaka kutatsala pang'ono kusintha oilo, ndipo kamodzi pa makilomita zikwi zingapo n'kokwanira. Kuthira tsiku ndi tsiku n'kulemeretsa mwini shopu. Mainjekita akakhala kuti anali akudadi, mudzaona galimoto ikubwerera pa kamwedwe kake kakale. Kubwerera pakale, osati kupitirira pamenepo. Mphamvu yoyendetsa galimoto ili mu malita a petulo, ndipo injini yabwinobwino imawotcha kale pafupifupi petulo yense amene yalandira. Zambiri zimatayika ngati kutentha kudzera mu radiyeta ndi ekizosi. Kabotolo kokwana m'dzanja sikangasinthe zimenezo. Bungwe la EPA, loteteza chilengedwe ku America, linayesa zipangizo ndi mankhwala oposa 100 amene ankati amapulumutsa mafuta, kuphatikizapo maginito omanga pa paipi, ndipo silinapeze chimene chimapulumutsa mafuta mooneka. Ndiye zoti mafuta a tsiku limodzi akwane masiku awiri, iwalani. Chimodzimodzi timibulu toika m'sutikesi kuthamangitsa njenjete, timene ena amaponya mu thanki: timangotseka fyuluta.

Funso limene ndikadakufunsani mukadabwera ku galaja ndi ili: nthawi ya kusowa kwa mafuta, munamwetsako a m'zigubu? Sindikukudzudzulani, munthu wa pamsewu akaima ndiye kuti banja ligona ndi njala. Koma mafuta a m'zigubu ndiwo adwalitsa galimoto zambiri zimene ndaziona. Ena amasakaniza palafini, amene amatsitsa octane, injini nkumagogoda pa chitunda ndi kusungunula oilo. Ena chigubu chake chinali cha madzi kapena cha mafuta ophikira dzulo lake. Ndatsitsapo mathanki nkupeza pansi pake matope ofiirira, kasefa ka pampu katamatiratu osaoneka n'komwe timabowo take. Ngati munamwetsako, uzani makaniko atape pang'ono mu botolo loonekera mkati aliimike pa tebulo. Madzi amakhala pansi, mzere wake umaoneka bwinobwino. Akapezeka ambiri, thanki itsitsidwe nkutsukidwa, chifukwa mankhwala ochotsa madzi amangothandiza pa timadontho. Mukakayikira mafuta a pa pampu yeniyeni, sungani lisiti ndipo kadandauleni ku MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndiyo ntchito yawo.

Za akulu anu a Hilux, nkhani yake ndi yolemerapo chifukwa zipangizo zake n'zodula. Ngati ndi ya D-4D, imagwiritsa ntchito common rail, njira imene inayamba ndi Denso pa malole a Hino mu 1995 nkufika pa galimoto zazing'ono ndi Alfa Romeo 156 mu 1997. Dizilo amapanikizidwa kufika ma bar (muyezo wa kupanikizika) oposa 1,000, injini zatsopano 2,000 kapena kupitirira, nkupoperedwa ngati fumbi, kangapo pa kuphulika kumodzi. Ndicho chifukwa chake injini zimenezi zili ndi mphamvu, sizisokosera ndiponso sizimwa ngati zakale. Koma pampu ndi mainjekita ake amatelera ndi dizilo yemweyo, ndipo sapirira madzi, mchenga kapena palafini. Dizilo wa sulphur wochepa, wa 50 ppm, amene Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anayamba kuitanitsa mu 2017, ndi wabwino pa mapapo athu ndi pa injini zatsopano, ndipo ogulitsa amathiramo kale zothandiza kutelera. Choncho chizolowezi chothira oilo wa two-stroke kapena wa giyabokosi mu thanki chilekeke. Pa common rail chimasiya zotsalira pa nsonga za mainjekita.

Utsi wakuda pa dizilo umatanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Ayambe ndi fyuluta ya mpweya, kenako mapaipi a pakati pa turbo ndi intercooler, chifukwa kang'alu kakang'ono kamathawitsa mpweya, ndipo malo ake amaoneka ndi kunyowa kwa oilo. Kenako valavu ya EGR, imene imabweza utsi pang'ono mu injini kuti moto usatenthetse. Mwaye ukasakanikirana ndi nthunzi ya oilo umapanga phala lakuda limene limaimitsa valavuyo ili yotsegula. Imeneyo imafuna kumasula ndi kutsuka pamanja, mankhwala a mu thanki safikako. Zonsezi zikakhala bwino, mainjekita ayezedwe pa makina. Asazengereze, chifukwa injekita yodontha imatha kuboola pisitoni. Mankhwala otsuka a dizilo ndi okweza cetane, muyezo wa momwe dizilo amayakira msanga, alipo ndipo enieni amathandiza pang'ono, makamaka pa kulira kwa m'mawa, koma sangachiritse injekita yakutha. Chimene chingamuteteze kwambiri ndi kusintha fyuluta ya dizilo pa nthawi yake ndi kukhetsa madzi pansi pake nyali ikayaka. Ngati ndi yatsopano yokhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizosi, imafuna oilo wake wapadera ndi ulendo wautali nthawi ndi nthawi kuti itenthe nkuwotcha mwayewo. Kungozungulira m'tauni kumaitseka. Ndipo kwa amene galimoto zawo zili ndi thanki ya AdBlue, madzi opoperedwa mu ekizosi kuti ayeretse utsi, madzi amenewo ali ndi malo ake. Akalowa mu thanki ya dizilo, musalize n'komwe injini.

Mukadzafuna kusintha galimoto, kumbukirani kuti kupulumutsa mafuta kwenikweni kwabwera ndi kapangidwe ka injini. Kuchoka pa kabuleta kupita pa mainjekita, kusintha nthawi yotsegukira mavalavu monga VVT-i, ndi ma hybrid amene anayamba ndi Toyota Prius mu 1997, awa ndiwo asintha zinthu. Aqua kapena Sienta ya hybrid imazimitsa injini pa mzere wa galimoto ndipo imabweza mphamvu ya buleki mu batire, motero m'tauni imamwa pang'ono kwambiri, bola muyezetse batire musanagule. Noah, Voxy ndi Wish zina zakale zili ndi injini ya D-4 imene imapopera petulo mwachindunji mu silinda. Pa zimenezi petulo sadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya, ndiye mwaye umaunjikana pamenepo ndipo botolo lililonse la mu thanki silingawutsuke. Yanuyo imapopera kuseri kwa valavu, choncho mankhwala otsuka amafikako.

Musanawononge ndalama iliyonse, yezani kamwedwe kake. Ndikudziwa kudzaza thanki masiku ano si masewera, koma yesetsani kamodzi: dzazani mpaka pampu idule yokha, bwezerani trip pa ziro, gwirani ntchito monga mwa masiku onse, mudzazenso pa pampu yomweyo, nkugawa makilomita ndi malita amene alowa. Lembani m'kope. Mukakonza chinthu, yezaninso, ndipo muzikonza chimodzichimodzi kuti mudziwe chimene chathandiza. Muwerengerenso katundu ndi anthu amene mumanyamula, ndi nthawi imene injini imangolira pa siteji podikira kuti mudzaze. Mukaona kuti muima kupitirira mphindi imodzi kapena ziwiri, zimitsani.

Sabata ino yomwe pitani kwa makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Asangofufuta nyaliyo nkukuuzani kuti zatha. Akulembereni makodi amene atuluka, akuonetseni kutentha kwa injini ndi fuel trim injini ikulira, manambala amene amasonyeza ngati kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta. Pamenepo padzaoneka ngati vuto ndi sensa ya pa ekizosi, mpweya wolowera pa paipi yong'ambika, koilo yofooka kapena injekita. Koma nyaliyo ikayamba kuphethira, imani pomwepo, chifukwa silinda ina siikuwotcha ndipo petulo wosapsa akhoza kusungunula cat pa ulendo umodzi. Imaninso mukamva fungo la petulo mkati mwa galimoto, mukaona utsi woyera wosalekeza uku madzi a mu radiyeta akuchepa, oilo akamachuluka yekha pa dipstick ndi kununkha petulo, kapena inu ndi okwera mukayamba kumva mutu ndi chizungulire mawindo ali otseka, chifukwa apo ekizosi ikulowetsa utsi mkati. Zikatero itanani makaniko abwere pamene mwaimapo, kapena galimoto ikokedwe.